Makina otchetchera udzu aukanso ku Kasungu

Mvula ikangogwa kawiri kapena katatu m'mwezi wa Disembala, udzu wa ku Kasungu suchedwa. Pamene alimi ali kalikiliki kuwokera fodya m'minda, pabwalo la sukulu, kuseri kwa tchalitchi, pachipatala ndi m'makomo a patauni kapinga amakhala akukula usiku ndi usana. Pofika Januwale, malo amene adali fumbi lokhalokha mu Okutobala amakhala atasanduka tchire lobisa njoka ndi udzudzu.

Apa mpamene anthu amakumbukira kuti m'chipinda chosungiramo katundu muli makina aja otchetchera udzu, omwe adatsamira khoma chaka chatha kapena dzana lake, akangaude atamangapo nyumba. Amawatulutsa, kuthiramo petulo, n'kuyamba kukoka chingwe. Kakhumi, kamakumi awiri, mpaka phewa kuwawa, koma makina ali zii. Ambiri amangogamula kuti afa basi, n'kutuma ana kuti akatenge zikwakwa. Ena amafika powagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, omwe amangowaika pasikelo n'kulipira malinga ndi kulemera kwake.

Kumenekutu n'kutaya chuma. Amakaniko okonza majenereta, mapampu ndi njinga zamoto patauni ya Kasungu ndi m'misika monga Chinkhoma, Santhe, Mtunthama, Chatoloma ndi Nkhamenya amadziwa kuti injini yaing'ono ya petulo siifa wamba. Kawirikawiri imakhala itangokomoka chifukwa cha petulo wokhalitsa, pulagi yakuda, kapena kachitsulo kosaposa chikhadabo kamene kaduka mkati.

Makinawa ndi akale kuposa mmene ambiri amaganizira. Adawatulukira ndi Mngelezi wina, Edwin Budding, m'chaka cha 1830 kufupi ndi tauni ya Stroud. Nzeruyo adaitengera pa makina a m'fakitale ya nsalu amene ankameta ubweya wa pamwamba pa nsalu kuti isalale. Oyambawo adali opanda injini. Oyendera petulo adafika pamsika mu 1902 kuchokera ku kampani ya Ransomes ya ku Ipswich, koma amene adadzafalikira m'makomo ndi aja a mpeni umodzi wozungulira kunsi, makamaka kampani ya Briggs & Stratton ya ku Milwaukee, ku America, itatulutsa injini yopepuka ya aluminiyamu mu 1953.

Ku Kasungu nkhani ya makinawa imakhudzana ndi fodya. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidalimbikitsa ulimi wa maesiteti, ndipo kampani za Press komanso bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority zidatsegula minda ikuluikulu m'bomali. Nyumba za mamanijala zidali zanjerwa, pakhomo pali kapinga wofuna kumetedwa sabata ndi sabata. Mu 1981 ku Mtunthama kudatsegulidwa sukulu ya Kamuzu Academy, yokhala ndi mabwalo amasewero ndi bwalo la gofu, malo amene chikwakwa pachokha sichikadakwanitsa.

Zinthu zidatembenuka kuyambira mu 1990 pamene alimi ang'onoang'ono adaloledwa kulima fodya wa bale. Maesiteti ambiri adayamba kufooka, ena adatsekedwa, katundu wake n'kumwazikana. Makina ena adathera m'manja mwa omwe ankagwira ntchito kumeneko, ena adangotsala m'zigafa pamodzi ndi majeke ndi mapulawo ochita dzimbiri. Ena mwa makina amene akupezeka m'makomo lero ndi a nthawi imeneyo, ndipo ambiri ndi achitsulo chochindikala chomwe sichionekaoneka masiku ano.

Wina anganene kuti n'kudzivutiranji, si bwenzi atangogula atsopano? Amene wapitako kusitolo posachedwapa sangafunse funso limeneli. Ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 alionse mu Meyi 2022, kenaka ndi magawo 44 mu Novembala 2023, ndipo katundu aliyense wochokera kunja adakwera mtengo nthawi yomweyo. Komiti ya sukulu kapena ya mpingo yomwe ikuvutika kugula choko ndi malata siingaike makina otchetchera udzu pamwamba pa ndandanda wa zogula. Kuwonjezera apo, kuti munthu asankhe bwino amayenera kukafika ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130. Ndipo si onse onyezimira m'sitolo amene ali olimba. Ena ndi chikomekome cha mkuyu: penti yowala pamwamba, koma kunsi kuli lata lopyapyala ndi matayala apulasitiki osatha nyengo ziwiri za mvula.

Kunja nako zinthu zikusintha. Kampani ya Briggs & Stratton idagwa m'ngongole mu 2020 mpaka kugulidwa ndi ena, ngakhale injini zake zikupangidwabe. Kampani ya Honda idasiya kupanga makina otchetchera udzu oyendera petulo ku America mu 2023, poti kumeneko anthu ambiri akutembenukira ku makina amabatire. Kwa munthu wa ku Chamama kapena ku Wimbe, komwe makomo ambiri alibe magetsi, makina otchaja ndi nkhani ya kutali. Injini ya petulo ikadali ndi ntchito kuno.

Makaniko wodziwa ntchito yake akalandira makina otere, chinthu choyamba amazula waya wa pulagi n'kuukankhira kutali. Izi si zamwambo chabe. Mpeni wa kunsi ndi wolumikizana ndi injini mwachindunji, choncho munthu akauzungulitsa ndi dzanja zimafanana ndi kukoka chingwe. Injini yomwe yakana kulira mmawa wonse ikhoza kusankha nthawi imeneyo kuti idzuke, zala zili pampeni.

Akatero amapukuta chivindikiro cha injini kufuna nambala. Pa injini za Briggs & Stratton pamakhala manambala atatu odindidwa pachitsulo, olembedwa kuti Model, Type ndi Code. Oyamba awiriwo ndiwo othandiza pogula zipangizo, pamene lachitatulo limaulula tsiku limene injiniyo idapangidwa: manambala awiri oyamba ndi chaka, awiri otsatira ndi mwezi, enawo ndi tsiku. Nambala yoyamba ndi 870314 ndiye kuti injiniyo idabadwa pa 14 Malichi 1987. Eni makina ambiri amadabwa kupeza kuti chuma chawocho n'chachikulu kuposa ana awo oyamba.

Kenaka pamabwera funso la ngati makinawo ali oyenera kutayirapo ndalama. Makaniko amakoka chingwe pang'onopang'ono akumvetsera ndi dzanja. Chikamalimba penapake n'kumasuka, ndiye kuti pisitoni ikupanikiza mpweya bwino ndipo chiyembekezo chilipo. Chikamangobwera lobodo, maringi adatha kapena vavu ina yakakamira potseguka. Chikakana kusuntha n'komwe, pisitoni yagwirana ndi dzimbiri. Apa ambiri amalakwa pothamangira hamala. Njira yake n'kuchotsa pulagi, kuthira oilo pang'ono pabowo lake, kusiya masiku angapo, kenaka kumagwedeza pang'onopang'ono uku ndi uku mpaka itamasuka. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene chimaphadi makina ndi shafiti yopindika kapena thupi la injini long'ambika. Zikatero, makinawo amangotsala ochotsako zipangizo zokonzera ena.

Kuti injini ilire imafuna zinthu zitatu: moto, petulo ndi mpweya. Moto ndiwo wosavuta kuyesa. Pulagi imachotsedwa, kutsukidwa mwaye, ndipo mpata wa kunsonga kwake uyenera kukhala pakati pa mamilimita 0.7 ndi 0.8. Akailumikiza ku waya wake n'kuikhudzitsa pathupi la injini, kutali ndi petulo, kukoka chingwe kuyenera kutulutsa kamoto kobiriwira kothetheka. Kamoto kofiira kofooka, kapena kusowa kwa moto, kumaloza ku koilo. Nthawi zina vuto limangokhala dzimbiri kapena mpata wolakwika pakati pa koilo ndi gudumu lolemera la pamwamba pa injini, lomwe amakaniko amati fulaiwilo. Mpatawo ndi wochepa kwambiri, ngati kuchindikala kwa kakhadi ka mayunitsi a foni, ndipo kakhadi kotere kamathandizadi poyezera. Injini za Briggs & Stratton zopangidwa chisadafike chaka cha 1982 zidali ndi mapointi obisika kunsi kwa fulaiwilo, omwe amapsa ndi kuchita dzimbiri. Kuyambira chaka chimenecho kampaniyo idabweretsa koilo yotchedwa Magnetron yosafuna mapointi, ndipo pa injini zambiri zakale koilo yatsopanoyi imakwanira pamalo a yakale.

Koma matenda aakulu a makina a kuno ali ku petulo, ndipo nkhani yake ikukhudza mtsinje wa Dwangwa, womwe umayambira m'nkhalango ya Kasungu momwemo. Kumunsi kwa mtsinjewu, m'boma la Nkhotakota, kuli minda ya nzimbe ndi fakitale ya Ethco yomwe idayamba kupanga ethanol mu 1982. Kuyambira chaka chimenecho petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo mu 2004 fakitale ya PressCane ku Chikwawa idawonjezera. Dziko lino lidali m'gulu la maiko oyambirira mu Africa kuchita zimenezi, ndipo zimapulumutsa ndalama zakunja. M'galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku palibe chodandaulitsa kwenikweni chifukwa petulo sakhalitsa m'thanki.

Makina otchetchera udzu ndi osiyana. Amagwira ntchito miyezi inayi kapena isanu, kenaka amagona chilimwe chonse. Ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya. Petulo wotere akakhala m'thanki miyezi yambiri, madzi amadikha pansi n'kuyambitsa dzimbiri, mbali yopepuka ya petuloyo imauluka, ndipo chotsalacho chimasanduka phula lonanda lonunkha ngati vanishi. Phulalo limatseka timabowo ta m'kabuleta, tina tochepa ngati nsonga ya singano. Ethanol amaumitsanso timapaipi ndi timphira takale tomwe sitidapangidwire mafuta otere. Opanga injinizi amalangiza petulo wosapitirira magawo 10 a ethanol pa 100 alionse, pamene mlingo wa kuno nthawi zina wakhala ukufika pa 20. Nthawi ya kusowa kwa mafuta, monga mu 2011 ndi 2012 komanso kuyambira 2022, anthu ambiri adazolowera kugula petulo wa m'zigubu ndi m'mabotolo m'mbali mwa msewu. Wina amakhala ndi zinyalala, wina madzi, wina wosakanizidwa ndi palafini, ndipo kabuleta yaing'ono siikhululuka.

Mankhwala ake ndi kutsuka, ndipo ndi ntchito yofuna tebulo loyera ndi mtima wofatsa. Thanki imakhuthulidwa, ikakhala yachitsulo ndipo muli dzimbiri, amaikamo timabawuti ndi palafini pang'ono n'kukhutchumula mpaka zoipa zitatuluka. Kabuleta imamasulidwa, tizidutswa take n'kuyalidwa pansalu motsatana kuti pobwezera pasakhale chisokonezo. Timabowo timatsegulidwa ndi kawaya kofewa kakang'ono n'kupemerera ndi pampu ya njinga. Kugwiritsa ntchito singano yaikulu kapena msomali kumakulitsa bowo, ndipo makinawo amadzalira inde, koma akumwa petulo ngati chidakwa ndi kutulutsa utsi wakuda.

Pa injini zambiri zakale za Briggs & Stratton kabuleta imakhala pamwamba pa thanki, ndipo pakati pake pamakhala kamphira kopyapyala komwe kamapopa petulo. Kakauma kapena kukwinyika, injini imalira pang'ono n'kuzima, kapena kumalira mokwera ndi kutsika ngati munthu wa befu. Kamphira kameneka n'kotchipa poyerekeza ndi makina onse, koma kamafunika kenikeni. Magasiketi ena munthu akhoza kudula papepala lolimba, koma kudula kamphiraka ku chubu cha njinga n'kudzinamiza, chifukwa mphira wa chubu umafufuma ukakhudzana ndi petulo.

Za mpweya n'zachidule. Sefa yasiponji imachapidwa ndi sopo, kuumitsidwa bwinobwino, kudonthezedwa oilo pang'ono n'kufinyidwa. Ena akaona kuti yang'ambika amangoichotsa n'kumayendetsa makina opanda sefa. Ndi fumbi ndi mchenga wa ku Kasungu, kumeneko n'kudyetsa injini sandipepala.

Oilo nayenso amaiwalika. Injini zing'onozing'onozi zimalowa oilo wochepera lita imodzi, kawirikawiri pafupifupi malita 0.6, ndipo wa mtundu wa SAE 30 amayenera nyengo yotentha ngati ya kuno. Zilibe sefa ya oilo, choncho zinyalala zonse zimangozungulira momwemo mpaka oiloyo atasinthidwa, zomwe ziyenera kuchitika pakatha maola 50 a ntchito kapena kamodzi pachaka. Popendeketsa makina, mbali ya kabuleta ndi sefa iyenera kuyang'ana kumwamba. Kupanda kutero oilo amathamangira m'sefa, ndipo makina akadzalira amafuka utsi woyera mpaka mwini wake kuganiza kuti apsa. Oilo wakuda wochotsedwayo asatayidwe pafupi ndi chitsime kapena mjigo.

Tsono pali kachitsulo kaja kosaposa chikhadabo. Kamakhala pakati pa fulaiwilo ndi shafiti, ndipo amakaniko amakatcha kiyi. Ntchito yake n'kuonetsetsa kuti moto ukufika papulagi pa nthawi yake yeniyeni. Opanga injini adakapanga ndi chitsulo chofewa mwadala, kuti mpeni ukamenya mwala, chitsa kapena chulu chobisika mu udzu, kiyiyo aduke m'malo moti shafiti ipindike. Mabwalo ambiri a kuno, omwe kale adali minda kapena thengo, ndi odzaza ndi zitsa zotere. Kiyi akaduka kapena kungotsetsereka pang'ono, makina amakana kulira ngakhale moto ndi petulo zilipo, kapena chingwe chimabweza mwamphamvu mpaka kupweteka dzanja. Makina ambiri amene eni ake adawalira maliro adangodwala nthenda imeneyi.

Chiyeso chimene chimagwera amisiri ambiri n'kusula kiyi watsopano kuchokera ku msomali kapena bawuti. Amakwana bwino, makina n'kulira, mwini wake n'kulipira mokondwa. Koma tsiku limene mpeni udzamenyenso chitsa, kiyi wolimbayo sadzaduka. Idzapindika ndi shafiti, kapena fulaiwilo idzang'ambika, ndipo apo makina adzakhala atafadi. Kiyi weniweni kapena wosula ku aluminiyamu ndiye woyenera.

Mpeni umanoledwa ndi tupa, mbali zonse ziwiri mofanana. Akatha kunola amaukoleka pamsomali wokhomedwa kukhoma kudzera pabowo lake la pakati. Mbali ina ikamagwa, ndiye kuti ndi yolemera ndipo iyenera kupalidwanso. Mpeni wolemera mbali imodzi umanjenjemeretsa makina mpaka mabawuti kumasuka okha. Thupi la makina likaboola ndi dzimbiri, owotcherera akhoza kuikapo chigamba popanda vuto, ndipo matayala ndi zogwirira amazikonza mosavuta. Koma mpeni wosweka kapena wa mng'alu suyenera kuwotchereredwa. Umazungulira maulendo pafupifupi 3 000 pamphindi imodzi, ndipo chidutswa chothothoka pa liwiro lotero chimauluka ngati chipolopolo. N'chifukwa chakenso ana okonda kuthamangira kumene kukulira injini ayenera kukhala patali, ndipo woyendetsa makina avale nsapato zotseka, osati patapata. Kuyesa injini m'chipinda chotseka nakonso n'koopsa, poti utsi wake uli ndi mpweya wakupha wosanunkha.

Makina akadzuka, pamakhala ena okondwa ndi ena odandaula. Mnyamata wokhala ndi makina amodzi akhoza kumayenda m'makomo, m'malo ogona alendo ndi m'maofesi a patauni kuyambira Disembala mpaka Epulo, n'kumaliza m'maola awiri bwalo lomwe anthu atatu a zikwakwa akadathera tsiku. Kwa anthu atatuwo, umenewo ndi ganyu wotayika, m'miyezi yomwe ufa umakhala utatha m'nyumba zambiri. Komabe chikwakwa sichidzatha ntchito. Makinawa adapangidwira kapinga wamfupi; udzu wofika m'chiuno kapena tsekera zimawatsamwitsa, kotero pamalo osiyidwa nthawi yaitali pamayamba padutsa chikwakwa, ndipo miyala ndi zitsa zimayenera kutoledwa ndi manja.

Phindu lalikulu la luso limeneli lili kumadimba. Mapampu a petulo amene alimi amathiririra chimanga, tomato ndi nazale za fodya m'mbali mwa mitsinje ya Bua, Dwangwa ndi Rusa ali ndi injini za mtundu womwewu: pisitoni imodzi, pulagi imodzi, kabuleta yaing'ono ndi chingwe chokoka. Ambiri ndi a mtundu wa Honda GX, womwe udayamba kupangidwa mu 1983, kapena otengera pamenepo opangidwa ku China, moti zipangizo zake zimapezeka m'misika yambiri. Amene waphunzira kutsuka kabuleta ya makina otchetchera udzu sangasowe chochita pampu ikazima mu Seputembala, mbande za fodya zikufota panazale. Chosiyana n'chakuti shafiti ya makina otchetchera udzu imaloza pansi pamene ya pampu imagona chopingasa, ndipo oilo amayenda mosiyana. Kugoneka injini ya makina otchetchera udzu chammbali kuti iyendetse pampu kumaiumitsa mkati n'kuipsereza.

Fodya ndi makinawa amakumananso kwina. Ku America alimi amawagwiritsa ntchito podula nsonga za mbande panazale kuti zikule mofanana ndi kukhwima tsinde zisadawokeredwe, ntchito yomwe alimi ambiri a kuno amaigwira ndi manja. Kumeneko amatsuka mpeni ndi mankhwala ophera tizilombo asadayambe, chifukwa mpeni umodzi ukhoza kufalitsa matenda a mozeiki nazale yonse.

Mvula ikamatha mu Epulo, magalimoto a mabelo atayamba kulunjika ku okushoni ya ku Chinkhoma, udzu umasiya kukula ndipo makina amabwerera kuchipinda chawo. Zomwe zidzachitike Disembala wotsatira zimatengera theka la ola la tsiku limenelo. Petulo yense amayenera kukhuthulidwa, injini n'kuilizitsa mpaka itazima yokha kuti m'kabuleta musatsale kanthu. Oilo amasinthidwa injini ikadali yofunda. Pabowo la pulagi pamathiridwa kasupuni kamodzi ka oilo, chingwe n'kukokedwa pang'onopang'ono kawiri kapena katatu, pulagi n'kubwezeredwa. Udzu wonyowa womatirira kunsi umapalidwa chifukwa ndiwo umadya chitsulo. Kenaka makinawo amaikidwa pamatabwa kapena panjerwa, pamalo osadontha, ndipo mwezi ndi mwezi wina azikweza chivindikiro kuona ngati makoswe sadamangemo chisa kapena kutafuna waya wa pulagi.